Dzimbiri mu konkire: chimene chimadya nyumba zoimikamo magalimoto ndi mmene amazikonzera

Mukalowa pansi pa mall kapena m'nyumba ya nsanjika yoimikamo magalimoto, maso amakhala pa kusaka popaka basi. Mukapeza, mwakhoma zitseko, ulendo. Ndi ochepa amene amakweza maso kuona denga. Tsiku lina mudzayese. Mukadzaona mizere yofiirira ngati patayikira tiyi, konkire yotupa, kapena chitsulo chili poyera chikuyoyoka, dziwani kuti nyumbayo ikudyeka ndi dzimbiri kuchokera m'kati.

Nkhaniyi taiyala kuti mukhale nayo pafoni: dzimbiri limalowa bwanji mu konkire, amaliyeza bwanji, kukonza koyenera kumayenda motani, komanso ntchito yongophimba anthu m'maso mungaizindikire bwanji. Ikukhudza amene mumaimika galimoto m'malo otere, amene mumalondera kapena kutsuka magalimoto m'ma parkade a ku Joni ndi ku Durban, amene mukuphunzira za zomangamanga, ngakhalenso inu amene mukutumiza ndalama kumudzi kuti akuthirireni silabu.

Zimene zinachitika ku Elliot Lake

Elliot Lake ndi tauni yaing'ono ya migodi m'chigawo cha Ontario ku Canada. Mu 1980 kunatsegulidwa mall yotchedwa Algo Centre, ndipo malo oimika magalimoto anawaika padenga, pamwamba penipeni pa mashopu. Dengalo linali la masilabu a konkire ogona pa mabimu achitsulo, koma silinaikidwe chophimba chodalirika chotchinga madzi. Linayamba kudontha nyumba ikadali yatsopano, ndipo linadontha zaka zoposa 30. Eni mashopu anazolowera kutchera ndowa. Laibulale ya tauniyo inali momwemo, ndipo ogwira ntchito ankachita kuphimba mashelefu a mabuku kuti asanyowe. Mall imeneyi inadutsa m'manja mwa eni atatu, ndipo onsewo ankangomata ming'alu n'kudikira kudontha kwina.

Madzi amene ankadonthawo sanali madzi wamba. Ku Canada nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndiye matayala ankabwera nawo mcherewo padenga. Madzi amcherewo ankatsikira pamene bimu inawotchereredwa ku chipilala, n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono. Loweruka pa 23 June 2012, cha m'ma 2 koloko masana, anthu ali m'kati kugula zinthu, powotchererapo panaduka ndipo chigawo cha denga chinagwera pa anthu. Amayi awiri anafa, ena angapo anavulala. Chowawa n'chakuti kutangotsala milungu yochepa ngoziyi isanachitike, injiniya wina anayendera nyumbayo n'kulemba kuti ili bwino.

Boma la Ontario linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi jaji Paul Bélanger, ndipo lipoti lake linatuluka mu October 2014. Mfundo yake yaikulu inali yakuti dzimbiri linangomalizitsa. Olakwa enieni anali anthu amene ankaona kudonthako chaka ndi chaka, kuyambira eni nyumba, mainjiniya mpaka akuluakulu a tauni, osachitapo chokwanira. Kumeneko chinadyeka chinali chitsulo cha bimu, koma zitsulo zobisika mu konkire nazo zimadyeka m'njira yomweyo.

Chitsulo chikutani mu konkire?

Konkire imapirira kwambiri kupsinjidwa, koma ikakokedwa imathyoka msanga. Mphamvu yake pokokedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake popsinjidwa. Silabu ikasenza galimoto imawerama pang'ono, ndipo kunsi kwake kumakokeka. N'chifukwa chake amaikamo zitsulo zija mumamva amisiri akuti Y12 kapena Y16. Nambalayo ndi kunenepa kwa chitsulo m'mamilimita.

Mwina mukuti, nanga chitsulo chimene chathiridwa konkire yonyowa sichichita dzimbiri pomwepo bwanji? Yankho lili mu simenti. Madzi otsala m'timabowo ta konkire ali m'gulu la chidulo chija chophikira therere, koma amphamvu koposa. Pa muyeso wa pH amakhala pakati pa 12.5 ndi 13.5, ndipo n'chifukwa chake simenti amasupula manja a munthu wogwira wopanda magolovesi. M'madzi otere, chitsulo chimadzipangira kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso kamene kamachiteteza. Kakhunguko kakakhalapo, chitsulo chikhoza kukhala zaka zambirimbiri chili gwa.

Chotchinga chachiwiri ndi konkire imene ili pakati pa chitsulo ndi kunja, imene amisiri amati kava. M'kati mwa nyumba mouma kava imakhala ya mamilimita 20 mpaka 25, pamene panja kapena kufupi ndi nyanja yamchere imafika 40 kapena 50.

Kakhungu kaja kakawonongeka, ndipo madzi ndi mpweya wa oxygen zikafika pa chitsulo, dzimbiri layamba. Vuto lake dzimbiri limatupa. Limatenga malo ochuluka kuwirikiza 2 mpaka 6 poyerekeza ndi chitsulo chimene ladya. Ndiye limakankha konkire kuchokera m'kati, ndipo paja tanena kuti konkire siipirira kukokedwa. Poyamba pamabwera mng'alu wotsata mzere wa chitsulo. Kenako kava imalekana ndi silabu koma ili pomwepo, ngati nkhanambo. Pomaliza chibuma chimagwa. Pofika apa nyumba yaluza patatu: chitsulo chaonda, sichikugwirananso ndi konkire, ndipo konkire nayo yachepa.

Adani awiri: mchere ndi mpweya

Mdani woyamba ndi mchere, makamaka gawo lake lotchedwa chloride. Umalowa ndi madzi, ndipo ukachuluka pa chitsulo umaboola kakhungu kaja ngakhale konkire ikadali yamphamvu. Mainjiniya ambiri amayamba kuda nkhawa chloride akafika pa 0.4 peresenti ya kulemera kwa simenti. Ku Canada, kumpoto kwa America ndi ku Britain mcherewu umachokera m'misewu. Ku Durban, Cape Town, Beira ndi Miami umabwera ndi mphepo ya kunyanja. Nthawi zina umalowa tsiku lomanga lomwelo, kudzera mu mchenga wa kunyanja yamchere kapena madzi amchere osakanizira. Kale ankathiranso dala mankhwala a calcium chloride kuti konkire iume msanga, mpaka ku Britain anawaletsa mu 1977 pa konkire yokhala ndi zitsulo.

Dzimbiri la mchere ndi lachinyengo. Limafukula malo amodzi ngati nankafumbwe mu chimanga, moti chitsulo chikhoza kutsala pang'ono kuduka kunja kusakuoneka zambiri.

Mdani wachiwiri ndi mpweya wa carbon dioxide, womwewu timapuma komanso umatuluka ku ekizozi. Umalowa m'timabowo ta konkire n'kusintha laimu wa mu simenti, ndipo pH imatsika kufika cha pa 9. Mainjiniya amati carbonation. Konkire payokha siifooka nazo, koma imasiya kuteteza chitsulo. Kusinthaku kumayambira kunja kupita m'kati, ndipo kumapita kuchedwa. Ngati kwalowa mamilimita 10 m'zaka 10, kuti kufike mamilimita 20 pamafunika zaka pafupifupi 40. Mwaona? Kava ikawirikiza kawiri, nthawi imawirikiza kanayi. Ndiye mmisiri akagoneka chitsulo pa shatala penipeni popanda chokweza, wakuberani zaka zambiri osadziwa. M'matauni a kutali ndi nyanja yamchere monga Lilongwe, Blantyre, Lusaka, Harare ndi Johannesburg, mdani wamkulu ndi ameneyu.

N'chifukwa chiyani nyumba za magalimoto zimavutika kwambiri?

Ofesi kapena nyumba yogona ili ndi denga, mawindo, pulasitala ndi matailosi zimene zimateteza konkire. Nyumba ya magalimoto ilibe zonsezi. Mvula imalowa m'mbali, magalimoto amabwera akudontha madzi, ndipo pansi pamanyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Kusinthasintha kumeneku ndi kumene dzimbiri limakonda, chifukwa limapeza madzi ndi mpweya zonse pamodzi. Nsanjika yapamwamba imapsa ndi dzuwa masana n'kuzizidwa usiku, ndiye imafutukuka ndi kukhwinyata mpaka ming'alu kutseguka. Malo olumikizira masilabu amadontha, ndipo madziwo amagwera pamitu ya mabimu ndi zipilala, pamene pali mphamvu yonse ya nyumba.

Kuwonjezera apo, zambiri za ku Ulaya ndi ku America zinamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi masilabu opyapyala, kava yochepa, poganizira magalimoto opepuka a nthawi imeneyo. Magalimoto a lero ndi olemera, makamaka akuluakulu aja ndi amagetsi okhala ndi mabatire. Komanso m'nyumba yotere simugona munthu. Denga la kuchipinda likadontha mwini wake sagona tulo, koma la magalimoto likadontha anthu amangosuntha galimoto.

Zizindikiro zimene aliyense angaone

- Mizere ya dzimbiri kunsi kwa silabu, pa bimu kapena pa chipilala.
- Ming'alu yowongoka yotsata mzere wa zitsulo.
- Konkire yotupa, kapena zibuma zogwera pansi.
- Zoyera ngati mchere kapena tinsonga tolendewera kudenga. Ameneyo ndi laimu amene madzi akukokolola podutsa mu silabu.
- Zithaphwi zosaphwa ndi mapaipi otsekeka.
- Malata kapena magatala opachikidwa kudenga kuti madzi asagwere pa magalimoto. Apa mwini nyumba akuteteza penti ya galimoto, silabu ikupitiriza kunyowa.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira mawa: ming'alu yozungulira pamwamba pa chipilala pamene chakumana ndi silabu, silabu yooneka kuti yabwafuka pakati, chipilala chimene chagumuka kunsi mpaka zitsulo kupindikira kunja, kapena nthambo yachitsulo yotumphuka mu silabu. Nthambo zimenezi zimakhala m'masilabu okungidwa, ndipo imodzi imanyamula katundu wochuluka kwambiri.

Mmene mainjiniya amayezera

Chida choyamba ndi chotchipa zedi: hamala ndi tcheni. Amagogoda konkire kapena kukoka tcheni pansi n'kumamvetsera. Pabwino pamalira ngwee, pamene palekana pamalira phwa ngati mtsuko wosweka. Malo onsewo amawalemba ndi penti, ndipo kawirikawiri amapezeka aakulu kuposa amene maso anaona.

Kenako amayendetsa kachipangizo kokhala ndi maginito kopeza pamene pali zitsulo ndi kuya kwake. Pofuna kudziwa pamene carbonation yafika, amaswa kachibenthu n'kupopera mankhwala a phenolphthalein. Konkire imene ikutetezabe imasanduka pinki, yosinthika imakhala momwemo. Ngati mbali yosasinthika mtunduyo yafika pa chitsulo, chitetezo chatha. Pa za mchere, amaboola ndi dirilo pa kuya kosiyanasiyana n'kutumiza fumbilo ku labu.

Palinso kuyeza ndi magetsi. Dzimbiri limagwira ntchito ngati batire: mbali ina ya chitsulo imadyeka, mbali ina imalandira, ndipo chinyontho cha mu konkire chimalumikiza ziwirizi. Ndiye amamangirira waya ku chitsulo, n'kumayenda ndi kachipangizo ka kopa pamwamba pa silabu akuwerenga mita. Malinga ndi muyeso wa ku America wa ASTM C876, pamene mita yatsika kupitirira -350 mV, mpata woti pali dzimbiri ndi woposa 90 peresenti. Pomaliza amadula timitanda tozungulira ta konkire kukayesa mphamvu yake. Zonsezi zikaphatikizidwa zimapereka mapu osonyeza pamene padwala kale ndi pamene padwale posachedwa.

Kukonza koyenera, sitepe ndi sitepe

1. Injiniya awerengere kaye. Ayenera kudziwa kuti nyumba yatsala ndi mphamvu yotani, komanso kuti akaswa pamenepa katundu apita kuti.

2. Chirikizani musanaswe. Amaika zochirikizira zachitsulo kunsi, nthawi zina nsanjika zingapo mpaka pansi penipeni, ndipo amachotsa magalimoto pamwamba. Sitepe iyi si yocheza. Pa 18 April 2023 nyumba yakale ya magalimoto pa Ann Street ku New York inagwa, munthu mmodzi anafa, ndipo ofufuza anapeza kuti ogwira ntchito ankagumula njerwa za chipilala chonyamula katundu popanda chochirikiza.

3. Dulani m'mbali. Amacheka ndi girayinda mozungulira malo odwala, kuya ngati mamilimita 10, kuti chigamba chikhale ndi m'mbali mowongoka. Chigamba chothera mopyapyala chimasweka msanga.

4. Swani mpaka kuseri kwa chitsulo. Apa ndi pamene ambiri amaba ntchito. Konkire iyenera kuchoka kuzungulira chitsulo chonse, mpata wa mamilimita 20 mpaka 25 kumbuyo kwake, woti zala zidutse. Amatsatanso chitsulocho mpaka atafika poyera. Pa ntchito zazikulu amagwiritsa ntchito madzi othamanga mwamphamvu zedi, amene amachotsa konkire yofooka osagwedeza zitsulo komanso amatsuka mchere.

5. Tsukani chitsulo. Amachipopera mchenga wapadera mpaka chiwale, kumbuyo komwe. Bulashi ya waya imathandiza pa malo ang'onoang'ono okha. Akatero amachiyeza. Ngati chaonda kwambiri, kawirikawiri cha pa gawo limodzi mwa magawo 5, injiniya amalamula kuwonjezera chatsopano cholowerana ndi chakale pa mtunda wokwanira.

6. Nyowetsani konkire yakale. Ikhute madzi koma pasakhale chithaphwi. Ikakhala youma imamwa madzi a chigamba, ndipo ziwirizi sizigwirana.

7. Matani ndi zoyenera. Dothi la pulasitala wamba si la ntchito iyi. Pali simenti wapadera wokonzera, wosakhwinyata kwambiri akamauma komanso wolimba mofanana ndi konkire yakaleyo. Pang'ono amamata ndi manja, pakuya amamanga shatala n'kuthira, ndipo pa denga lalikulu amapopera ndi makina. Ku Ulaya zipangizo ndi njira zimenezi zimatsata muyeso wa EN 1504.

8. Sungani chinyontho. Chigamba chiphimbidwe ndi kunyowetsedwa masiku ngati 7. Chikauma mofulumira chimachita ming'alu, ndipo madzi apezanso njira.

9. Yezaninso. Hamala ibwerere. Ena amamata kachitsulo pa chigamba n'kukoka ndi makina kuti aone mphamvu ya kugwirana. Zochirikizira zimachoka injiniya akavomereza.

Chigamba choipa chimaopsa kuposa bowo

Bowo limaoneka, ndipo aliyense amadziwa kuti pali vuto. Chigamba chosagwira chimabisa. Paja amati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ku Wolverhampton ku England, nyumba ya magalimoto ya Pipers Row yomangidwa mu 1965 inagwa usiku wa pa 20 March 1997. Chigawo cha nsanjika yapamwamba cholemera matani pafupifupi 120 chinatsika, chipilala chitaboola silabu. Mwamwayi munalibe munthu. Ofufuza anapeza kuti konkire yapamwamba inali itafumbutuka ndi madzi ndi kuzizira, ndipo zigamba zimene anaika sizinagwirane bwino ndi konkire yakale, moti silabu inatsala yofooka pozungulira chipilala.

Ngakhale chigamba chabwino chili ndi vuto lake ngati mu konkire muli mchere. Kumbukirani batire ija. Malo amene ankadyekawo ankateteza zitsulo zoyandikana nawo, chifukwa dzimbiri lonse linkathera pamenepo. Mukawakonza, chitsulo cha m'chigamba chimakhala pabwino, ndipo kudyeka kumasamukira m'mphepete, mu konkire yakale yamchere. Patapita zaka zochepa mumaona mkombero wa ming'alu kuzungulira chigamba chatsopano. Mukaona denga la zigamba zokhazokha, china pambali pa chinzake, nkhani yake imakhala imeneyi.

Njira zoletsa dzimbiri ndi magetsi

Yosavuta ndi kumangirira tizidutswa ta zinc ku zitsulo m'mphepete mwa chigamba asanamate. Zinc imadyeka msanga kuposa chitsulo, ndiye imadzipereka m'malo mwake. Ndi nzeru yomweyo imene imateteza malata a padenga. Tizidutswati timagwira ntchito zaka 10 kapena kuposa, kenako timatha.

Mchere ukafalikira silabu yonse, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa cathodic protection yoyendera magetsi. Amayala ukonde kapena malamba a titanium pa konkire, n'kulumikiza ku kamakina kopereka magetsi ochepa kwambiri olowera mbali imodzi. Magetsiwo amapangitsa zitsulo zonse kukhala mbali yolandira ya batire, ndipo kudyeka kumaima. Injiniya Richard Stratfull anayesa njirayi pa mlatho wina ku California mu 1973, ndipo lero ili m'milatho ndi nyumba za magalimoto zambiri. Ubwino wake safunika kugumula konkire yonse yamchere, amangochotsa yolekana. Koma imafuna munthu woiyang'anira. Magetsi kuthima maola ochepa si nkhani yaikulu, koma wina akazimitsa n'kuiwala zaka, dzimbiri limayambiranso.

Palinso njira yokoka mchere kutuluka mu konkire ndi magetsi amphamvuko kwa milungu ingapo, ndi ina yofanana nayo yobwezeretsa pH pamene carbonation yalowa. Izi zimachitika kamodzi, zipangizo n'kuchotsedwa.

Osatseka madzi, mwataya ndalama

Zonse tanenazi ndi kuchiza bala. Chimene chinabweretsa balalo ndi madzi. Ndiye ntchito yabwino imathera pa kupaka chophimba chosalowa madzi pamwamba pa silabu, chimene amisiri amati membrane. Nthawi zambiri chimakhala cha polyurethane, chopakidwa kangapo, chowazidwa mchenga kuti matayala asaterereke. Chimatha msanga pokhota ndi pokwera, choncho chimafuna kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi. Mphira za malo olumikizira masilabu zimasinthidwa, mapaipi amatsegulidwa, ndipo pamene madzi amaima amakonza kuti pakhale kutsetsereka. Zipilala ndi kunsi kwa silabu amapaka penti yapadera yotchinga carbon dioxide, kapena mankhwala a silane amene amalowa mu konkire n'kumakana madzi. Kumaiko a chipale amatsukanso pansi ndi madzi ambiri nyengo yozizira ikatha.

Penti wamba pa konkire yotupa si kukonza ayi. Mukaona apaka penti lero, miyezi ingapo mizere yofiirira yatulukiranso pomwepo, mwadziwa kale.

Nkhani ya ndalama

Injiniya wa ku Netherlands dzina lake de Sitter anapereka lamulo losavuta kukumbukira mu 1984. Ndalama 1 yogwiritsidwa ntchito pomanga bwino imafanana ndi 5 zosamalira dzimbiri lisanayambe, 25 zokonza litangoyamba malo ochepa, ndi 125 litafalikira. Si masamu a ndendende, koma akusonyeza mmene kuzengereza kumadulira.

Chitsanzo chowawa ndi Champlain Towers South, nyumba yogonamo ya nsanjika 12 ku Surfside ku Florida, m'mphepete mwa nyanja, yomalizidwa mu 1981. Pansi pake panali malo oimika magalimoto, ndipo pamwamba pa mbali ina ya malowo panali bwalo la dziwe losambira. Mu 2018 injiniya analemba kuti chotchinga madzi cha pabwalopo chatha, madzi sakutsetsereka, silabu yawonongeka kwambiri, ndipo zipilala ndi mabimu a kumalo a magalimoto akugumuka. Eni mafulati anatha zaka akukambirana za mtengo, umene unafika madola pafupifupi 15 miliyoni. Usiku wa pa 24 June 2021 nyumbayo inagwa ntchito ya konkire isanayambe, ndipo anthu 98 anafa. Ofufuza a bungwe la boma la NIST anapeza kuti bwalolo linali lofooka kuyambira pa mapulani ndi kamangidwe, kenako kulemera kowonjezera ndi dzimbiri zinachepetsanso mphamvu yotsalayo.

Mu 2022 Florida inakhazikitsa lamulo loti nyumba za mafulati za nsanjika 3 kupita m'mwamba ziziyenderedwa zikakwana zaka 30, kenako zaka 10 zilizonse. Mzinda wa New York nawo uli ndi lamulo loti nyumba za magalimoto ziziyenderedwa ndi injiniya nthawi ndi nthawi.

Nanga kwathu kuno?

Ku Malawi kulibe chipale, Nyanja ya Malawi si yamchere, ndipo nyumba za nsanjika zoimikamo magalimoto n'zochepa. Komatu konkire ya zitsulo ili paliponse: makhonde a m'mwamba, madenga a silabu, mathanki a madzi, milatho, ndi malo oimika magalimoto a pansi pa maofesi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiye nyumba zambiri za nthawi imeneyo, pamodzi ndi zakale za ku Blantyre ndi Limbe, zafika zaka 50 kapena kuposa. Umenewu ndi msinkhu umene carbonation imakhala itayenda mtunda. Anthu a ku Blantyre amadziwa nyenyezi yofiira imene khonsolo inkajambula pa nyumba zotha, koma nyumba ikhoza kuoneka bwino kunja zitsulo zikudyeka m'kati.

Pa ma saiti ang'onoang'ono, zolakwa zake ndi zodziwika. Zitsulo kugona pa shatala popanda timabuloko tokweza. Kuthira madzi ambiri kuti konkire iziyenda mosavuta, zimene zimasiya timabowo tambiri. Kutambasula thumba la simenti kuti likwanire mawilibala ochuluka. Mchenga wadothi. Kusagwedeza konkire, n'kutuluka ya mabowomabowo ngati chisa cha njuchi, kenako kuphimba ndi pulasitala bwana asanafike. Kusakaniza ndi madzi a mjigo amchere, ngati amene amapezeka m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje. Ndiye pali zitsulo zija timasiya zitaima padenga zaka ndi zaka poti tidzamanga upstairs ndalama zikapezeka. Madzi amatsika nazo kulowa m'chipilala. Zipakeni phala la simenti kapena zikutireni ndi konkire yofooka yoti mudzaswe nthawi ikadzakwana.

Ngati mukumangitsa muli kutali, uzani amene akuyang'anira akutumizireni zithunzi za zitsulo konkire isanathiridwe, zoonetsa timabuloko tokweza tili m'malo. Ikathiridwa simudzaonanso.

Mukaona zokayikitsa, chitani izi

Musaimike galimoto kapena kukhala pansi pa konkire yotupa, ndipo musaitokose ndi ndodo. Kachibuma kochokera mamita atatu m'mwamba kakhoza kuvulaza mutu. Jambulani chithunzi choonetsa malowo bwinobwino, ndi nambala ya chipilala kapena ya nsanjika ngati ilipo, ndipo sungani tsiku. Uzani oyang'anira nyumbayo mwa kulemba, kaya pa WhatsApp kaya pa imelo, kuti pakhale umboni. Pakapita mwezi jambulaninso pomwepo. Ngati mng'alu wakula kapena palibe chachitika, pitani ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo ya mzinda wanu. Zizindikiro zoopsa zija, za mng'alu wozungulira chipilala kapena silabu yobwafuka, musadikire mwezi: tulukani, chenjezani anzanu, nenani tsiku lomwelo.

Mukafuna kuponya pa Facebook kapena TikTok, lembani zimene mwaona, malo ndi tsiku. Zoti nyumbayo igwa mawa kapena ili bwino, asiyireni injiniya amene wayeza.

Amene mumachita lendi shopu kapena fulati m'nyumba yotere muli ndi ufulu wofunsa mafunso awa: injiniya anayendera liti komaliza, lipoti lake lili kuti, ndipo zimene analamula zinachitika? Mukamva zoti akonza, funsaninso ngati anaswa mpaka kuseri kwa zitsulo komanso ngati atseka pamene madzi ankalowera. Mwini nyumba amene wagwira ntchito yoyenera savutika kuyankha, amangotulutsa mapepala.